Musanagule wotchi ya GPS, ganizirani nkhungu ya pa Mulanje

Kuthamanga m'mapiri kwayamba kukopa ophunzira, ndipo kwabwera ndi chilakolako chatsopano: wotchi ya GPS. Amene ali ndi achimwene kapena amalume ku Joni, ku UK kapena ku America, akafunsidwa kuti "ndikubweretsere chiyani?", masiku ano sakutchulanso nsapato. Poti mwayi wotere subwera kawiri, munthu amangotchula dzina limene analiona pa mkono wa katswiri wina pa YouTube, kapena wotchi ya galasi lowala kuposa zonse. Ine ndikuona kuti ambiri tikusankha molakwika, chifukwa tikuyesa wotchi pa tsiku labwino, dzuwa likuwala, miyendo ili ndi mphamvu, njira ikuoneka. Wotchi ya m'phiri isankhidwe poganizira ola loipitsitsa la ulendo: nkhungu yatseka, zala zauma ndi chisanu, madzi atha, ndipo simukudziwa ngati njira yobwerera ili kumanja kapena kumanzere. Chimene chingakuthandizeni pa ola limenelo n'choyenera ndalama zanu. Zina zonse zikhoza kudikira.

Nditenga phiri la Mulanje ngati chitsanzo, chifukwa ndi kumene mtima wa wothamanga m'mapiri aliyense m'Malawi muno umalozera. Mpikisano wa Porters' Race, umene umachitika mwezi wa Julayi, unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati wa onyamula katundu ndi olondolera alendo, kenako unatsegulidwa kwa aliyense. Njira yake imayambira pa Likhubula, kukwera mpaka pa Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula pomwepo. Ndi makilomita opitirira 20, ndipo chitunda choyamba chokhacho chimakukwezani mamita pafupifupi 1,000. Akatswiri amamaliza patangopitirira maola awiri. Ife enafe, amene timalimbitsa miyendo Lamulungu lokha ndi m'mawa wa apo ndi apo kalasi isanayambe, tisadzinamize: njira yomweyo ikhoza kutidyera theka la tsiku.

Pali kawerengedwe kakale kamene kamathandiza pano. Mu 1892, William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, analemba kuti munthu woyenda pansi awerengere ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, n'kuwonjezera ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Ndiye kuti ulendo wa makilomita 20 wokwera mamita 1,200 ndi wa maola 6, osawerengera kupuma. Mwina mukuti, "Koma ine ndimathamanga." Inde, mumathamanga mpaka bondo litatupa, kapena mnzanu atabinya phazi pa kilomita ya 12. Kuyambira pamenepo nonse ndinu oyenda pansi, ndipo mukuyenda pang'onopang'ono kuposa mmene Naismith anawerengera. Batire la wotchi yanu liyenera kukwanira tsiku limenelo.

Apa ndi pamene otsatsa malonda amatisokoneza. Pa bokosi amalemba masiku 14 kapena kuposa, koma amenewo ndi masiku a wotchi ikungoonetsa nthawi ndi kuwerenga mapazi. Nambala yofunika ndi ya maola a GPS itayatsidwa, ndipo nayonso ili ndi magawo ake. Garmin Forerunner 255 imalonjeza maola 30 pa GPS yokha, koma mukayatsa kamvedwe kake kapamwamba kwambiri amatsika kufika pa 16. Coros Pace 3 imalonjeza maola 38, n'kutsika kufika pa 15. Manambala amenewa ndi a wotchi yatsopano, m'nyengo yofunda, mwini wake asakuyang'ana njira pa galasi mphindi iliyonse. Chisanu chimafooketsa batire, kulondola njira kumalidya, zaka nazo zimalichepetsa. Uphungu wanga ndi wakuti chimene alemba muchigawe pawiri. Chotsalacho chikaposa tsiku lanu lalitali, wotchiyo yakwanira. Apple Watch wamba, amene kwa zaka zambiri kampani yake inkalonjeza maola 18 pa kagwiritsidwe ka tsiku ndi tsiku, ndi wotchi yabwino ya m'tauni, koma pa mayeso amenewa imagwa. M'tinyumba togona ta pamwamba pa phiri musayembekezere kupeza soketi.

Wogulitsa wina adzakuuzani kuti wotchi yake ili ndi njira yosungira batire imene imafikitsa maola pa 60 kapena kuposa. N'zoona, koma mmene imachitira zimenezo ndi kugona n'kumadzuka: imamvetsera masetilaiti kwa kanthawi, n'kuzimitsa, n'kudzamvetseranso patsogolo. Pa msewu wowongoka palibe vuto lalikulu. Pa njira yokhotakhota ya chitunda, wotchi imalumikiza madontho otalikirana ndi mzere wowongoka, n'kudula makona onse. Makilomita amachepa, ndipo choopsa n'chakuti mzere umene mudzafune kuutsata pobwerera udzadutsa pamene phazi lanu silinapondepo.

Ndatchula kumvetsera masetilaiti, ndipo pamenepa pali chinthu chimene ambiri amasokoneza. Wotchi ya GPS sifuna bandulo, sifuna netiweki ya foni, ndipo silankhula ndi munthu aliyense. Imangomvetsera. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kuli masetilaiti a dziko la America amene amazungulira dziko lapansi kawiri pa tsiku, ndipo setilaiti iliyonse imalengeza mosalekeza pamene ili ndi nthawi imene ili nayo. Wotchi ikamva osachepera anayi, imawerengera nthawi imene uthenga uliwonse watenga kuti ufike, n'kupeza pamene mwaima. Dzina la GPS ndi la masetilaiti a ku America okhawo. Russia ili ndi ake otchedwa GLONASS, mayiko a ku Ulaya ali ndi Galileo, China ili ndi BeiDou, ndipo mawotchi ambiri a masiku ano amatha kumva magulu angapo nthawi imodzi.

Ubwino wake ndi wakuti wotchi idzagwira ntchito pa Lichenya ngakhale foni itakhala yopanda kadontho ka netiweki. Kuipa kwake ndi kwakuti palibe amene akudziwa pamene muli, kupatula inu nokha. Zimene makampani amalonjeza, zakuti achibale azikuonani pa mapu mukuthamanga, kapena kuti wotchi idzatumiza uthenga mukagwa, pa mawotchi ambiri zimadutsira pa foni yanu, ndipo foniyo iyenera kukhala ndi netiweki. Mawotchi ochepa odula kwambiri ayamba kutumiza uthenga kudzera pa setilaiti, koma ntchito imeneyi imayenda m'mayiko osankhidwa okha, ndipo ina imafuna malipiro a mwezi ndi mwezi. Kholo limene likuvomera kugula wotchi poganiza kuti mwana wawo akasochera adzapezeka msanga liyenera kuuzidwa zoona zake ndalama isanatuluke.

Ndipo pa Mulanje anthu amasocheradi. Mu Julayi 2009, mlendo wina wachinyamata wa ku Brazil anakwera kulowera ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, wopanda womulondolera. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri. Anali munthu wamphamvu, wozolowera maulendo. Phiri limeneli likavala nkhungu, thanthwe lililonse limafanana ndi linzake, ndipo munthu wovala kabudula ndi malaya opyapyala othamangira sachedwa kugonja ku chisanu akangoleka kuyenda.

N'chifukwa chake, batire likakwanira, chinthu chachiwiri chimene ndingafunse ndi ichi: kodi wotchiyi ingandibwezere mmene ndadzera? Mawotchi abwino amajambula kanjira ka madontho pamene mukuyenda, ndipo mukadina batani amakuonetsani mzere umenewo ndi kamuvi kolozera kobwerera. A Garmin amakutcha TracBack, ena ali ndi mayina awo. Samalani, chifukwa pali mtundu wina wa "kubwerera poyambira" umene umangokulozerani molunjika kumene munayambira, ngati mmene ingaulukire mbalame. Pa bwalo la mpira zimenezo zilibe kanthu. Pamwamba pa Chambe, mzere wolunjika wopita ku Likhubula ukhoza kukufikitsani pa phompho. Funsaninso ngati wotchiyo imalola kulowetsamo fayilo ya GPX, imene ndi njira yojambulidwa ndi munthu amene anayendapo kale. Mukapatuka pa njira imeneyo wotchi imanjenjemera pa mkono, ndipo mumazindikira mutangolakwa mamita ochepa, osati patatha ola.

Nanga mapu enieni, a mitundumitundu, oonetsa mitsinje ndi mizere ya kukwera kwa nthaka? Ndi okongola, ndipo sindikana kuti amathandiza. Koma nthawi zambiri ndi amene amakweza mtengo wa wotchi kwambiri, ndipo mapu a pa galasi laling'ono ngati chitsekerero cha botolo savuta kusokoneza munthu wotopa. Komanso mapu ambiri otere amachokera ku OpenStreetMap, amene amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka. Kumene odzipereka ali ochuluka, ngati ku mapiri a Alps, kanjira kalikonse kalimo. Kuno kwathu tinjira tina sitimaonekamo, pomwe pansi pali tinjira tambirimbiri ta otola nkhuni timene timaoneka ngati njira yeniyeni. Kwa wophunzira, mzere wa madontho ndi wokwanira, mapu akhale pa foni.

Tsopano nkhani imene ndikuona kuti imanyalanyazidwa kwambiri, chikhalirecho ndi imene imasiyanitsa wotchi ya m'phiri ndi ya pamsewu: kayezedwe ka kukwera. GPS imadziwa bwino ndithu pamene muli cham'mbali, koma pa kutalika kuchokera pansi imalakwitsa kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Masetilaiti amakuzingani kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kum'mwera, koma onse ali pamwamba panu, palibe imene wotchi ingaimve kuchokera pansi pa nthaka kuti zolakwikazo zifafanizane. Motero wotchi yodalira GPS yokha imaona ngati mukukwera ndi kutsika pang'onopang'ono ngakhale muli pa malo a thyathyathya, ndipo ikaphatikiza timamita tonseto imakupatsani nambala yosadalirika.

Mawotchi a m'phiri amakhala ndi kachipangizo kotchedwa barometer, koyeza kulemera kwa mpweya umene uli pamwamba panu. Mukamakwera, mpweya wotsala pamwamba panu umachepa. M'mbali mwa nyanja yamchere kulemerako kumakhala pafupifupi 1,013 hPa, pamene pa nsonga ya Sapitwa kumatsika kufika cha m'ma 700. Mamita 8 mpaka 10 aliwonse okwera amachotsa pafupifupi 1 hPa, ndipo kachipangizoka kamamva ngakhale kusintha kochepera apo. N'chifukwa chake kamawerenga chitunda molondola kuposa GPS. M'nkhungu, kudziwa kuti muli pa mamita 1,900 osati 1,700 kukhoza kukuuzani ngati mphambano imene mukuifuna ili kutsogolo kapena mwaipitirira kale.

Koma barometer nayo ili ndi khalidwe lake loti mulidziwe. Siisiyanitsa kukwera kwanu ndi kusintha kwa nyengo. Mpweya ukapepuka ndi 5 hPa usiku muli chigonere, m'mawa wotchi idzati mwakwera mamita 40 kapena 50. Choncho imafuna kuikonza pa malo amene kutalika kwake kukudziwika musananyamuke. Kabowo kake kolowera mpweya kakatsekeka ndi thukuta louma kapena matope, manambala amapenga, ndiye muzikatsuka ndi madzi oyera. Ndipo pali chinthu china chimene otsatsa malonda a kunja sangakuuzeni. Mawotchi amenewa ali ndi belu lochenjeza za mkuntho, limene limalira mpweya ukapepuka mofulumira. Chiperoni, nyengo ya nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, sichitsata lamulo limenelo. Chimabwera m'miyezi yozizira, pamene mpweya wolemera wakhazikika panyanja kum'mwera chakum'mawa n'kumakankhira chinyezi kumtunda kuno. Belu lodikira kupepuka kwa mpweya likhoza kukhala chete nkhungu ikukwera m'zigwa. Wolondolera alendo wa pa Likhubula, poyang'ana mitambo ndi kumva mphepo, adzadziwa msanga kuposa wotchi.

Kuyeza kukwera kumasinthanso mmene mumadzionera nokha. M'maphunziro a zauphunzitsi timauzidwa kuti mayeso akhoza kukhala olondola bwinobwino koma n'kumayeza chinthu cholakwika. Liwiro la mphindi pa kilomita ndi mayeso otere m'phiri. Munthu amene amathamanga kilomita pa mphindi 5 pamsewu akhoza kutenga mphindi 20 pa kilomita ya chitunda, akugwira ntchito yoposa. Akamangoyang'ana liwiro adzakhumudwa, kapena adzadzikakamiza n'kuthera mphamvu pa ola loyamba. Nambala yomuthandiza ndi ya mamita amene wakwera, amene atsala, ndi amene akukwera pa ola. Pokonzekera ulendo wa Mulanje, funso la pa sabata likhale lakuti "ndakwera mamita angati?" Ndipo funso limenelo wotchi yopanda barometer siliyankha bwino.

Pali mawu ena amene akumveka kwambiri pa malonda: "dual frequency" kapena "multi-band". Anayamba kufala pa mawotchi a masewera cha m'ma 2021 ndi 2022. Tanthauzo lake ndi lakuti wotchi imamva setilaiti imodzi pa mafunde awiri, L1 ndi L5. Phindu lake limaoneka pafupi ndi matanthwe aatali, ngati khoma la kumadzulo kwa Chambe, kapena m'zigwa zakuya za mitengo yowirira. Kumeneko uthenga wa setilaiti umagunda thanthwe n'kufika pa wotchi mochedwa, ngati mawu obwerera munthu akakuwa m'chigwa, ndipo wotchi imakuikani pamene simuli. Mafunde awiri amathandiza kuchepetsa cholakwika chotere. Ndi chinthu chabwino, koma mwaona kale mmene chimadyera batire. Chikabwera pa mtengo umene mungakwanitse, chilandireni. Sindingasinthanitse barometer kapena maola a batire ndi icho.

Mabatani ndi nkhani yaing'ono imene imakula mvula ikayamba. Galasi lokhudza ndi chala limasokonezeka likanyowa, ndipo chala chozizira, chamatope, sichilondola. Wotchi ya m'phiri izitha kuyendetsedwa yonse ndi mabatani. Pa magalasi, pali owala ngati a foni, otchedwa AMOLED, ndi osawala kwambiri otchedwa MIP, amene amaoneka bwino dzuwa likawomba ndipo amasunga batire. M'sitolo, owalawo ndi amene amaba mtima. Pa mkono, ola lachisanu ndi chiwiri, mudzayamika osawalawo.

Zina zonse ndizidutsa mwachangu. Nyimbo, kulipira ndi wotchi, kuyankha mauthenga, malikisi a mmene mwagonera, nambala yokuuzani ngati thupi "lakonzeka": palibe chimene chingakutsitseni m'phiri. Ngakhale kuyeza kugunda kwa mtima pa mkono musakukhulupirire kwambiri. Kumagwiritsa ntchito kuwala kobiriwira koona magazi pansi pa khungu, ndipo potsetsereka, mkono ukamagwedezeka, kapena kukazizira magazi atachepa m'khungu, wotchi imatha kuwerenga mapazi anu n'kumati ndi mtima. Amene akufunadi nambala imeneyi agule lamba wa pachifuwa, umene a Polar a ku Finland anayamba kugulitsa mu 1982 ndipo mpaka lero ndi wolondola kuposa wa pa mkono. Zakuti katswiri wakutiwakuti amavala mtundu wakuti, kumbukirani kuti ambiri a iwo ali pa mgwirizano wa malonda ndi makampaniwo. Eliud Kipchoge anathamanga 2:01:09 ku Berlin mu 2022 chifukwa cha miyendo ndi zaka za khama.

Tifike pa ndalama, poti ndi pamene nkhani imathera kwa ambiri a ife. Coros Pace 3 inatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola 229. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, dola imodzi kubanki inafika cha m'ma K1,700, ndiye kuti wotchi imeneyi inali pafupifupi K400,000 musanawerengere msonkho, mtengo wotumizira, ndi mfundo yakuti madola a mtengo wa kubanki sapezeka wamba. Imeneyo ndi imodzi mwa zotchipa zimene zili ndi zonse ndatchulazi. Mawotchi a gulu la Garmin Fenix amaposa pamenepo katatu kapena kupitirira. Garmin Forerunner 55 ndi yotchipa ndipo ndi yabwino pamsewu, koma ilibe barometer, choncho kwa wa m'phiri kutchipa kwake n'kwachinyengo. Pakati pamenepa pali Forerunner 255, Garmin Instinct 2, Coros Pace 2 ndi ena a Suunto. Mitundu imeneyi yakhalapo zaka zingapo, ndipo kunja anthu amaigulitsa yogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo wotsika akafuna yatsopano. Ngati m'bale akukugulirani, kumeneko ndi kumene ndingamulozere.

Ya kaunjika ili ndi mayeso ake. Batire la wotchi limakalamba ngati la foni, ndipo kulisintha n'kovuta chifukwa wotchi imamatidwa kuti madzi asalowe. Musanapereke ndalama, itchajeni idzaze, muyatse GPS panja kwa maola awiri, muone zimene zatsika. Wotchi ya maola 30 siyenera kutaya zopitirira 10 peresenti pa nthawi imeneyo. Kwerani nayo masitepe a nyumba yosanjikizana muone ngati mamita akusintha. Onetsetsani kuti chingwe chotchajira chilipo, chifukwa mawotchi amenewa ali ndi zingwe zawozawo, ndipo cha foni sichilowa. Ngati ikuchokera kunja, pemphani zingwe ziwiri.

Chenjeraninso ndi mawotchi otchipa odzaza m'misika ndi pa masamba a malonda, olembedwa GPS pa bokosi. Ambiri mwa iwo alibe GPS m'kati, amabwereka ya foni yanu kudzera pa Bluetooth. Kuwagwira bodza n'kosavuta: zimitsani foni, tulukani panja, yambitsani kuthamanga pa wotchi, muyende kuzungulira nyumba zingapo, muone ngati yajambula njira. Wogulitsa akakana mayeso amenewa, mwayankhidwa kale.

Alipo amene anganene kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu okhuta. Ambiri mwa othamanga bwino pa Porters' Race ndi ana a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, ena amathamanga ndi nsapato zakutha, ena opanda nsapato n'komwe, ndipo amasiya kutali alendo ovala mawotchi a madola mazanamazana. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo ndimailemekeza. Koma tiimve bwino. Anthu amenewa ali ndi mapu m'mutu, ojambulidwa ndi zaka za kukwera ndi katundu pamutu, m'dzuwa ndi m'chiperoni momwe. Wophunzira wochokera ku Kasungu kapena ku Karonga amene wafika pa Likhubula kachiwiri m'moyo wake alibe mapu amenewo. Chimene mfundoyi ikutiphunzitsa ndi chakuti ulendo woyamba, wachiwiri ngakhale wachitatu ukhale ndi wolondolera alendo, ndipo malipiro ake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa wotchi. Ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha, lipirani munthu.

Ndinenenso mosabisa kuti wophunzira amene akuyenera kusankha pakati pa wotchi ndi fizi, kapena pakati pa wotchi ndi nsapato zogwira bwino pa thanthwe lonyowa, asagule wotchi. Foni imene muli nayo kale ili ndi GPS, ndipo imagwira ntchito ngakhale mutazimitsa netiweki kuti musunge batire. Mapulogalamu ngati OsmAnd ndi Organic Maps amalola kutsitsiratu mapu a Malawi, ndipo akhoza kujambula njira yanu kapena kutsegula fayilo ya GPX. Foni ikhale m'kapepala kapulasitiki, m'kachikwama ka m'chiuno, pamodzi ndi pawabanki yaing'ono. Zofooka zake ndi zodziwika: kuitulutsa mvula ikugwa n'kovuta, ikagwa pa thanthwe yasweka, ndipo batire limene mukulidyera pa mapu ndi lomwelo mudzalifune poimba foni mukapeza netiweki. Wotchi imachotsa mavuto atatu amenewa. Kwa amene amathamanga maola awiri pa phiri limene akulidziwa, mavutowo ndi aang'ono. Amakula ulendo ukatalika ndipo phiri likakhala lachilendo.

Njira ina imene sitiiganizira mokwanira ndi kugula pagulu. Anthu asanu ndi mmodzi amene amathamanga limodzi safunika mawotchi asanu ndi imodzi kuti asasochere, bola asamasiyane. Wotchi imodzi yabwino, yosonkherana, yovalidwa ndi amene waphunzira kuigwiritsa ntchito, ndi foni ziwiri za mapu, n'zokwanira. Vuto la katundu wa gulu tonse tikulidziwa, chingwe chimasowa ndipo palibe amene amavomera, choncho pakhale munthu mmodzi wosunga ndi kabuku kolembamo wotenga.

Pali ngozi ina imene siili m'phiri. Wotchi ikamaliza ntchito, zonse zimapita pa foni, ndipo ambiri amazitumiza pa Strava kuti anzawo aone. Mu Januwale 2018, Nathan Ruser, wophunzira wa zaka 20 wa ku Australia, anazindikira kuti mapu a Strava osonyeza kumene anthu amathamanga kawirikawiri ankaulula malo a asilikali ku Syria ndi ku Afghanistan, chifukwa asilikaliwo ankathamanga atavala zipangizo zotere. Ngati chinsinsi cha asilikali chinatuluka motero, nanga cha mtsikana amene amanyamuka pa hositelo yomweyo, 5 koloko m'mawa, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, kulowera njira yomweyo yopanda anthu? Tsamba lake likakhala lotseguka, aliyense akhoza kuwerenga zimenezi ngati ndandanda ya makalasi. Strava imalola kubisa poyambira ndi pothera pa ulendo, komanso kusankha amene angaone. Zimenezi zikonzedwe tsiku loyamba, ulendo woyamba usanatumizidwe, ndipo chithunzi cha mapu chisamaikidwe pa WhatsApp mwachisawawa.

Wotchi ikafika, musadikire Mulanje kuti muiphunzire. Pitani nayo pa kaphiri kamene mukukadziwa bwino, masana, kunja kukuwala. Thamangani mphindi 30, mupatuke dala pa njira, kenako mudine batani lobwerera n'kutsata mzerewo mpaka poyambira. Chitani zimenezi katatu kapena kanayi, kamodzi manja ali onyowa, mpaka zala zizolowere popanda kuganiza. Onani mmene kamuvi kamachedwera kutembenuka mukaima, ndi mmene mzere umasunthira mukakhala pansi pa mitengo. Tsiku la Mulanje likafika, dikirani panja mpaka wotchi itagwira masetilaiti musanayambe, apo ayi gawo loyamba la njira yobwerera lidzasowa. Lembetsani ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, muuze munthu wotsala pansi njira imene mudzere ndi ola limene ayambe kuda nkhawa, ndipo m'kachikwama mukhale jekete yotchinga mphepo, tochi ndi wezulo.